Kusaka masipeya mvula ili pakhomo

Lole yathu idayamba kutsokomola titangodutsa pa Namitete. Adalaivala sadanene kanthu, koma ndidaona kuti akuyang'anayang'ana pagalasi la m'mbali, ndipo nditasuzumira panja ndidapeza utsi wakuda bii ukutilondola ngati wina akutentha matayala. Pakamtunda kalikonse liwiro linkatsika, iwo n'kutsitsa giya, injini n'kumalira ngati ikukakamizidwa. Tidakwanitsa kukhota pa Kamwendo kulowa msewu wa ku Kapiri, koma tisanayende makilomita 10 injini idagwedezeka kawiri n'kuzima. Kudangoti zii, kupatula nyenje za m'mitengo ndi mabingu akutali cha ku Zambia.

Udali mwezi wa Novembala 2023. Kumsana kwa loleyo kudali matumba a mbewu ya mtedza wa CG7 ndi ya soya opita ku makalabu a alimi amene bungwe lathu limagwira nawo ntchito m'boma la Mchinji, ndipo maulendo ena awiri a mbewu yomweyo adali kudikira m'nyumba yosungira katundu ku Lilongwe. Mlimi wa mtedza safunika kumuuza tanthauzo la zimenezi. Mtedza umafuna kulowa m'nthaka ndi mvula yoyamba yobzalira. Ukachedwa zokolola zimatsika, ndipo nsabwe zofalitsa kadukutu zimaupeza ukadali wanthete. Uthenga umenewu tidali titaulemba m'timapepala ndi kuulengeza pamisonkhano, ndipo amene adaulemba ndi ine ndemwe. Tsono mbewu ija idali chiimire m'mbali mwa msewu, mitambo ikusonkhana.

Ntchito yanga m'bungwemu ndi yofalitsa nkhani: kujambula zithunzi, kulemba malipoti ndi kukonza mauthenga opita kwa alimi. Za injini ndinkangodziwapo kuti imamwa mafuta. Koma m'bungwe laling'ono munthu amasenza mitolo ingapo, ndipo ine ndidalinso mlembi wa komiti yogula katundu. Mnzathu woyang'anira magalimoto adali kumudzi ku maliro a mayi ake. Motero nkhani ya lole idagwera ine.

Adalaivala athu, bambo amene agwira chiwongolero zaka zochuluka kuposa zimene ine ndagwira cholembera, adayamba ndi zinthu zosafuna ndalama. Adatsegula kampopi ka pansi pa chokola madzi ndipo mudatuluka madzi ofiirira pafupifupi theka la kapu. Adamasula bawuti ya papampu yokoka mafuta n'kutsuka kasefa kakang'ono kamene kamabisala m'kati mwake. Adayendera mapaipi onse kuyambira kuthanki kufufuza podontha kapena polowa mpweya, kenaka adapopa ndi dzanja mpaka thovu lidasiya kutuluka pafyuluta. Ndikulemba zimenezi mwadala, pakuti matenda ambiri amene anthu amathamangira kuti ndi a pampu amathera pomwepa: fyuluta yotsekeka, paipi yong'aluka imene ikukoka mpweya, kapena madzi. Athuwa sadathere pamenepo. Injini idalira, tidayenda kamtunda kochepa, n'kuzimanso. Madzulo ake alimi a makalabu apafupi adabwera ndi ngolo ndi njinga kudzatuta mbewu yawo, ndipo m'mawa mwake loleyo idabwerera ku Lilongwe chokokedwa.

Kugalaja yaikulu ya mumzinda adatilandira mwaulemu, ndipo sadachedwe kupeza vuto. Adati pampu ya injekita yatha. Adatinso iwo satsegula pampu, amangoika yatsopano, ndipo ya mtundu wathu mudalibe m'sitolo mwawo. Kuiitanitsa kunja kukadatenga masabata osachepera anayi. Masiku ochepa m'mbuyomo Reserve Bank of Malawi idali itachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dizilo adali atakwera kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita, ndipo aliyense wogulitsa katundu wochokera kunja ankalemba mtengo ndi pensulo. Pansi pa koteshoni yathu padalembedwa kuti ikhala yogwira ntchito masiku atatu okha. Mtengo wake unkaposa ndalama zonse zimene tidapatula kuti tikonzere magalimoto athu atatu chaka chimenecho. Sindikuwanena anthu a pagalajapo. Pampu idalidi itatha, ndipo si iwo adagwetsa kwacha.

Lamulo la bungwe lathu, monga la mabungwe ambiri olandira thandizo, limati mupeze makoteshoni atatu ndipo musankhe wotsika mtengo, pokhapokha pali chifukwa cholembedwa bwino. Ndidanyamula fayilo yanga, adalaivala ali patsogolo, ulendo wa ku Malangalanga.

Amene sadafikeko aganizire msika wa kaunjika, koma m'malo mwa malaya mwadzaza zitsulo. Mashopu ang'onoang'ono othithikana, magiyabokosi atasanjidwa pakhonde, injini zathunthu zochotsedwa ku magalimoto a ku Japan zili chikhalire pamatayala akale, ndipo pansi pada ndi oyilo. Tisanatsike n'komwe m'galimoto anyamata a dobadoba adali atatizungulira. "Amayi, mukufuna chiyani? Chilichonse chilipo!" Munthu ukatchula chimene ukufuna mnyamata amathamanga n'kubwera nacho m'manja, mtengo wake utanenepa pang'ono panjira. Mmenemo ndidaphunzira kuti sipeya imodzi ili ndi mayina ambiri. Pali ya orijinolo, pali ya Dubai, pali yochotsa, ndipo pali ina imene amangoti "ndi chimodzimodzi, amayi."

Lero ndimatha kusiyanitsa. Pali sipeya yobwera m'bokosi la kampani yopanga galimoto, yomwe ndiyo yodula kuposa zonse. Pali ya kampani imene idapanga pampuyo, yomwe kawirikawiri ndi chinthu chomwecho m'bokosi lina. Pali yopangidwa ndi kampani ina yodzilemba dzina lakelake mosabisa, ndipo zina mwa zimenezi n'zabwino ndithu. Pali yogwiritsidwa kale ntchito. Ndiye pali yachinyengo, yovala dzina ndi mitundu ya eni ake pamene m'kati muli chitsulo cha wamba. Tsiku limenelo zonsezi zidali zofanana m'maso mwanga, ndipo chokha chimene ndinkatha kuwerenga chidali mtengo.

Makaniko wina wachinyamata wogwirira ntchito pansi pa mtengo adapita nafe kukaiona lole. Adailiza, adatchera khutu, n'kunena motsimikiza kuti, "Pampu ilibe vuto iyi, ndi manozo basi." Amenewa ndiwo mawu amene mtima wanga unkafuna kumva. Shopu yoyamba idatchula mtengo wa manozo anayi umene udandikwinyitsa nkhope. Shopu ina idatulutsa timabokosi tooneka chimodzimodzi, dzina lomwelo, mitundu yomweyo, pamtengo wosafika ndi theka lomwe. Adalaivala adatembenuza kabokosi kamodzi kawiri katatu, n'kungoti, "Mayi, kaya." Sindidawafunse kuti kayayo akutanthauza chiyani. Ndidali ndi makoteshoni atatu m'fayilo, wotsika mtengo ali pamwamba, ndipo ndinkadziona kale ndikuyamikiridwa kuofesi. Safunsa adadya phula.

Manozowo adaikidwa tsiku lotsatira. Lole idalira, utsi udachepako, tidapakira mbewu ya ulendo wachiwiri. Tidangofika pa Mpingu. Injini idayamba kugogoda ngati wina akumenya chitsulo ndi hamala m'kati, ndipo kumbuyo kunkatuluka utsi wotuwa wowawa m'maso. Ulendo uno adalaivala sadadikire kuti izime yokha, adaizimitsa okha. Adasolola kachitsulo koyezera oyilo, adanunkhiza, n'kundipatsa kuti ndinunkhizenso: oyiloyo ankamveka dizilo. "Tikaikakamiza, mayi, tiphetsa mapisitoni," adatero. Usiku womwewo mvula idagwa ku Mchinji. M'mawa mkulu wa bungwe adasaina kuti tibwereke lole ya hayala yonyamula ulendo wachiwiriwo, pamtengo wa nyengo ya fetereza, pamene mwini lole aliyense ndi mfumu. Ya ulendo wachitatu ndalama padalibe.

Apa m'pamene adalaivala adatchula za bambo wina wachikulire amene ntchito yake ndi mapampu a dizilo okhaokha. Nditawafunsa chifukwa chimene sadanenere kale, adayankha kuti palibe adawafunsa.

Malo a bambowo adali kuseri kwa nyumba zosungira katundu, opanda chikwangwani chooneka. Panja padali pamafuta ngati pagalaja ina iliyonse, koma kachipinda kam'kati kadali koyera kuposa chipinda chobayira jakisoni. Mazenera adali otseka, tebulo lokutidwa ndi chitsulo chosalala, tizitsulo tili m'mathireyi a mafuta oyera, ndipo wolowa aliyense ankayamba wasamba m'manja. Asanagwire pampu adandifunsa mafunso atatu: mafuta mumagula kuti, fyuluta mudasintha liti, ndipo ndani adaigwirapo pampuyi. Funso lachitatu lokha ndilo ndidatha kuyankha.

Adandifotokozera ntchito yake mosathamanga, ngati mphunzitsi amene waona kuti mwana ndi wotsalira koma si wamwano. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto ngati ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, ndipo pa nthawi yake yeniyeni dizilo amapoperedwa mmenemo ali ngati nkhungu, n'kuyaka yekha. Ulendo wa dizilo umayambira m'thanki. Pampu yaing'ono imamukoka n'kumudutsitsa m'fyuluta, kenaka amalowa m'pampu ya injekita, imene imayeza mlingo wa silinda iliyonse ndi kuukankha mwamphamvu kupita ku nozo. Pa injini za mtundu wathu nozo imatseguka mphamvuyo ikafika cha m'ma 200 bar, pamene tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa pafupifupi 2 bar. Amene adasenzapo sipuleya m'munda wa thonje kapena wa tomato akudziwa kusiyana kwa nozo yotulutsa nkhungu ndi yongodonthetsa mankhwala. Yodonthetsa imatha mankhwala, tizilombo tili moyo. Ya injini ikamadontha imatha mafuta, imatulutsa utsi, imatsuka oyilo m'silinda, ndipo ikhoza kuotcha mutu wa pisitoni.

Kenaka adatulutsa m'pepala lamafuta kachitsulo katsopano kotalika ngati chala, kolowa m'kachibowo kake. "Iyi ndi pulanja, mayi. Ndiyo imakankha mafuta." Adaiviika m'mafuta, adaipendeketsa, ndipo idatsetsereka yokha pang'onopang'ono mosagwira paliponse. Mpata wa pakati pa pulanja ndi nyumba yake ndi wa ma micron 2 kapena 3, pamene tsitsi la munthu lili cha m'ma micron 70. N'chifukwa chake ziwirizi zimapangidwa ndi kugulitsidwa pamodzi, ndipo sungatenge pulanja ya uku n'kuilowetsa m'nyumba ya uko. Atatsegula pampu yathu adandipatsa galasi lokulitsa kuti ndione mapulanja athu. Adali ndi mizeremizere ngati yokandidwa ndi mphaka, ndipo awiri adali ndi timadontho ta dzimbiri. Mafuta ankazembera m'mizeremo m'malo mopita ku nozo, ndiye chifukwa chake lole inkafooka pamtunda ndi kuvuta kulira ikatentha.

Manozo anga otchipa aja adawamanga limodzilimodzi pa kachipangizo ka pampu yamanja kokhala ndi geji, n'kundiuza kuti ndiime patali, pakuti dizilo wotuluka pamenepo amaboola khungu ndipo munthu akhoza kutaya chala. Yoyamba idatseguka geji isanafike pamlingo. Yachiwiri idatulutsa mafuta mbali imodzi ngati mpopi wotsekeka. Ziwiri zinazo zidangodontha. Pomaliza adamanga nozo yeniyeni kuti ndione kusiyana, ndipo idalira kuti tsi-tsi-tsi, nkhungu n'kubalalika mofanana mbali zonse. Kuyeza konseko sikudathe mphindi 20, ndipo mtengo wake sukadafika pa wa nozo imodzi. Tikadayamba ndi kuyezetsa manozo akale tikadadziwa kuti awiri mwa iwo adali akadali ndi moyo.

Adathira mafuta otsala m'pampu m'kambale, adawafikisa pakati pa zala, adanunkhiza. "Muli palafini umu," adatero, osayang'ana aliyense. Adafotokoza kuti dizilo yemweyo ndiye amatereretsa mapulanja ndi manozo. Palafini ndi wouma, satereretsa mokwanira, ndipo madzi amabweretsa dzimbiri. Zitsulo zimapekesana, tizidutswa take n'kumakanda zotsatira. M'chipindamo mudakhala chete kanthawi. Kenaka adalaivala adavula chipewa n'kunena kuti pa nthawi imene mafuta ankasowa m'mafilingi siteshoni adagulapo a m'zigubu katatu, m'mbali mwa msewu.

Ndikadatha kulemba zimenezi mulipoti n'kusamba m'manja, ndipo zikadaoneka zoona. Koma ndidakumbukira umodzi mwa maulendo atatuwo. Tidali ndi alendo ochokera kwa otithandiza, tsiku lachionetsero cha kumunda lidali litalengezedwa, mipando ndi matenti zinkayenera kufika. Adalaivala adaimba foni ali pamzere wa mafuta kuyambira usiku, kunena kuti thanki la pamalopo latha. Amene adawayankha kuti, "Bambo, chitani chilichonse chotheka, lole ifike," ndidali ine. Iwo adachitadi chotheka. Zithunzi za tsiku limenelo zidatuluka bwino kwambiri, ndipo chimodzi chili pachikuto cha lipoti lathu la chaka. M'maofesi mwathu timakonda kukalipira dalaivala galimoto ikafa, koma sitimafunsa kuti adayenda bwanji tsiku limene dziko lonse lidali pamzere.

Tsopano kudatsala kupeza masipeya enieni pamtengo wotheka, ndipo apa m'pamene bambowo adandiphunzitsa chinthu chimene ndikadakonda aliyense wosunga injini ya dizilo atachidziwa. Adapukuta kachitsulo kokhomedwa m'mbali mwa pampu. Padali dzina lakuti Zexel ndi mzere wa manambala. Makampani opanga malole, monga Isuzu, Mitsubishi, Hino ndi Toyota, kawirikawiri sapanga okha mapampu a injekita. Amagula kwa akatswiri ake monga Bosch, Denso ndi Zexel. Bosch idayamba kupanga mapampu amenewa ochuluka mu 1927 ku Germany. Zexel idayamba mu 1939 ku Japan ndi dzina lakuti Diesel Kiki, ikupanga mapampu mwa chilolezo cha Bosch. Idasintha dzina mu 1990 ndipo pambuyo pake idalowa m'manja mwa Bosch yomweyo. Tanthauzo lake kwa wogula n'lakuti pulanja kapena nozo ya nambala imodzi ikhoza kupezeka m'mabokosi osiyana, pamitengo yosiyana. Ukapita kushopu n'kunena dzina la lole lokha, wogulitsa amakupatsa chimene ali nacho. Ukapita ndi nambala ya papampu ndi nambala yodindidwa panozo, monga zija zoyamba ndi zilembo DLLA, ndiwe amene ukusankha.

Ndi manambala amenewo tidaimba mafoni tsiku lonse. Ku Lilongwe tidapeza manozo enieni, pashopu yoyamba ija imene ndidaithawa chifukwa cha mtengo. Mapulanja anayi, mavavu ake ndi paketi ya masilo zidapezeka kwa wogulitsa wina ku Lusaka amene bambowo amagulako kawirikawiri, ndipo zidabwera pa basi kudzera ku Chipata ndi pachipata cha Mchinji, msonkho utalipidwa. Ulendowu udatenga masiku atatu.

Si zonse tidagula zatsopano. Bambowo adali ndi kagawidwe kawo: chilichonse chimene chimayeza kapena kupopera mafuta chikhale chenicheni ndi chatsopano, chimene chimangonyamula mafuta chikhoza kukhala chochotsa. Motero pampu yaing'ono yokoka mafuta tidagula yochotsa ku injini ya ku Japan, kwa mkulu wina wa ku Malangalanga komweko amene adalola kuti tikaiyese kaye ndi kuibweza ikakanika. Paipi imodzi yachitsulo tidagulanso yochotsa, titaonetsetsa kuti ndi yotalika chimodzimodzi ndi inzake. Mawashala a kopa adakana kubwezera akale ngakhale amaoneka abwino, pakuti akafinyidwa kamodzi sagwiranso. Nditafunsa za kugula pampu yathunthu yochotsa, imene idali yotsikirapo mtengo, adati n'zotheka, koma uli ngati wogula ng'ombe usiku: osalipira isanakwere pamakina oyezera, ndipo nambala yake ifanane ndi ya injini yako. Pa fyuluta ndipo adakwiya. Adadula ndi sowo fyuluta imene idali pa lole yathu n'kuiika pambali pa ina yabwino yodulidwa kale. Yathuyo idali ndi pepala lochepa, lopindidwa motalikirana, ndipo guluu wake adali atamatuka mbali imodzi, kotero kuti mafuta ankangodutsa osasefedwa. Fyuluta imeneyo idagulidwa miyezi ingapo m'mbuyomo ndi komiti yathu, potsatira koteshoni yotsika mtengo, ndipo siginecha yanga idali pomwepo.

Atamanga pampu adaiika pamakina oyezera. Makinawo amaizungulitsa pa liwiro lodziwika, ndipo mafuta a silinda iliyonse amagwera m'kabotolo kake kagalasi kokhala ndi mizere. Adasinthasintha mpaka timabotolo tonse tinayi tidafanana ndi mlingo wolembedwa m'buku lawo lakale lodetsedwa ndi zala, pa liwiro lotsika ndi lokwera lomwe. Makaniko wa pansi pa mtengo, ngakhale waluso chotani, sangachite zimenezi ndi khutu. Zonse pamodzi, masipeya, ntchito ndi kuyeza, zidakwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa pampu yatsopano. Pamwamba pake tiwonjezepo manozo achinyengo, amene mwini shopu adakana kuwalandira poloza mawu a pansi pa lisiti, kukoketsa lole kachiwiri, ndi hayala ija.

Kukomiti sizidayende mosalala. Mwa makoteshoni atatu atsopano, ya bambowo sidali yotsikitsitsa. Padali wina amene adalonjeza kukonza pampu tsiku limodzi pamtengo wochepa, wopanda makina oyezera. Akauntanti wathu adaima nji palamulo. Poyamba ndidamuona ngati wouma mtima, koma adanena zoona pamene adati lamulo la makoteshoni atatu lidabwera chifukwa m'mabungwe ambiri ndalama zimabedwa kudzera m'magalaja, pogwirizana pakati pa wa muofesi ndi makaniko, ndipo mawu akuti uyu ndiye katswiri ndi amene akuba amayambira. Chofooka cha lamulolo n'chakuti limayerekeza mitengo ya zinthu zitatu ngati kuti zinthuzo n'zofanana. Pa mapepala olembera kapena mipando zimatheka. Pa pulanja, pamene kusiyana kwake maso sangakuone, lamulolo limapatsa mphoto wachinyengo. Chimene chidatilanditsa ndi ntchito yanga yeniyeni. Ndidali nditajambula nozo yodontha pambali pa yotulutsa nkhungu, mafyuluta awiri odulidwa, ndi mapulanja okandika pansi pa galasi. Ndidaziphatika kukalata yofotokoza chifukwa, ndipo akauntanti adasaina ataonjezapo mfundo zake ziwiri: masipeya onse akale abwezedwe kuofesi, ndipo wokonzayo alembe chitsimikizo cha miyezi itatu. Kuyambira pamenepo koteshoni iliyonse ya masipeya imayenera kutchula nambala ya sipeya ndi dzina la kampani yoipanga.

Pano ndipatukeko pang'ono kaamba ka makalabu ndi makoparetivu amene akusonkha ndalama zogulira lole yawoyawo. Pampu ngati yathuyi ndi yachikale, yoyendera zitsulo zokhazokha, ndipo ndiye mwayi wake: imatsegulika ndi kukonzeka. Malole atsopanoko amagwiritsa ntchito njira ya common rail, imene Denso idayamba kuika m'malole a Hino mu 1995. Mmenemo mphamvu yokankhira mafuta imapitirira 1,500 bar, ndipo mainjekita amalamulidwa ndi kompyuta. Injini zimenezi zimamwa mafuta pang'ono ndipo utsi ndi wochepa, koma dizilo wa m'chigubu sizimupirira ngakhale pang'ono, injekita imodzi ndi yodula kwambiri, ndipo zambiri zimafuna kulembetsedwa m'kompyuta ya galimoto zikasinthidwa. Musanasangalale ndi utoto wa lole, funsani kuti wodziwa kukonza injini yake ali kuti, ndipo ali ndi makina anji.

Bambowo adakana kubwezera pampu pa lole thanki isanatsukidwe. Itatsitsidwa ndi kukhuthulidwa m'beseni, pansi pake padatsala matope akuda, madzi ndi mchenga wokwana dzanja. Ena mwa madziwo sachita kuthiridwa ndi munthu: thanki ikagona yopanda mafuta okwanira, chinyezi cha mumpweya chimasanduka madontho m'kati usiku, ndiye chifukwa chake madalaivala akale amathira mafuta madzulo. Kwa osunga dizilo m'migolo, monga eni zigayo ndi a ulimi wothirira, adati mgolo ukafika uziyamba wakhala tsiku lathunthu kuti zinyalala zidikhe, upendekeke pang'ono, ndipo paipi yokokera isafike pansi penipeni. Chidebe chamalata chija chotungira madzi si chosungiramo dizilo, pakuti dizilo amadya nthovu yake yoyera ija n'kuipititsa ku manozo.

Lole idafika ndi ulendo wachitatu patatha masiku 11 chigwereni mvula yobzalira. Kalabu yomaliza ili kutali ndi msewu wa tala, ndipo tidapeza minda yozungulira itabiriwira kale ndi chimanga chomera. Amayi apampando adatilandira pansi pa mtengo wa mango, adatipatsa moni mwaulemu wonse, kenaka adayang'ana matumba aja n'kufunsa kuti, "Alangizi, mtedzawu tibzale kapena tikazinge?" Anthu adaseka, inenso ndidaseka, koma sikudali koseketsa. Mabanja ena adali atatopa kudikira n'kubzala mbewu yawo yobwereza, ena adali ataika chimanga m'munda umene adasungira mtedza. Otsalawo adabzala mawa lake. Ndidawafotokozera zonse monga zidayendera, za manozo otchipa ndi za foni yanga ija, pakuti ndidaona kuti kungonena kuti lole idawonongeka kukadakhala kuwanamiza.

Tikupakira kuti tizibwerera, amayiwo adakokera adalaivala pambali. Chigayo cha kalabu yawo, cha injini ya silinda imodzi yochokera ku China, chidali chitayamba kufuka utsi ndi kumwa mafuta modabwitsa, ndipo munthu wina wa pamsika adali atawauza kuti asonkhe ndalama za pampu yatsopano. Adalaivala adapita kukachiona. Adakhetsa madzi a m'fyuluta, adafunsa kumene amagula dizilo, adapukuta kachitsulo ka painjini, ndipo mdzukulu wa amayiwo adakopera manambala pachikuto cha kope lake la masamu. Kenaka adamasula injekita, adaikulunga m'pepala lapulasitiki loyera n'kuiika m'thumba la jekete.

Kwa bambo aja ku Lilongwe idapezeka kuti nozo yake inkadontha. Tidagula yatsopano ya nambala yomweyo, adaiyeza pageji ife tikuona, ndipo tidabwerera nayo Lachisanu lotsatira pamodzi ndi fyuluta ndi lisiti la msungichuma wa kalabu. Pampu ya chigayocho sadaigwire n'komwe.